Uyu Ndi Wanu?

Akazi ena akamayandikira zaka makumi atatu amasunga mbale, mapoto ndi zitenje. Manesi ankasunga mabuku oopsa. Anali makumi atatu ndi limodzi, onse achingerezi, onse ogula pakaunjika ku Lilongwe, ndipo ankakhala m'katoni ya sopo pansi pa bedi, m'kachipinda kake ka lendi kuseri kwa msika wa pa Dowa Boma. Oyandikana naye ankamutama kuti mtsikana wa ku ofesi uja ndi wofatsa, sayendayenda, amangokhalira kuwerenga. Akanadziwa zimene ankawerengazo, akanasiya kumubwereka mchere.

Stephano anakumana naye mu minibasi yochokera ku Lilongwe. Anali mnyamata wa ku Mvera, mlangizi wa zaulimi, wamtali, wa nsapato zopolishidwa ngakhale m'nyengo ya matope. Manesi anali pafupi kutembenuza tsamba pomwe mlendo wa pambali pakeyo anati, "Pepani asisi, dikirani pang'ono. Sindinamalize."

Mnyamatayo anapitirira siteji yake mpaka kukatsikira pa Boma, kumene analibe chochita chilichonse. Anagula tiyi makapu awiri n'kufunsa kuti munthu wofuna mabuku otere ayambire pati.

"Osayamba ndi a magazi," anatero Manesi, amene pa nkhani iyi yokha sankachita manyazi ndi munthu. "Amenewo amangokunyansa, mawa waiwala. Munthu wamkulu amafunika buku lomulowa pang'onopang'ono ngati chisanu. Ndili nalo lina la mayi wamasiye amene amatsuka mbale imodzi madzulo, koma kukacha amapeza ziwiri pathandala, zonse zonyowa. Mulibe chilombo, mulibe mfuu. Mbale basi. Koma mukalimaliza mudzayamba kuziyang'ana kawiri mbale za kwanu."

"Nanga lachiwiri?"

"Lachiwiri ndi la dalaivala wa thiraki amene wanyamula munthu panjira. Munthuyo salankhula, koma tauni iliyonse imene adutsa, nkhope yake imafanana pang'ono ndi ya mkulu wake wa dalaivalayo, amene anamwalira kalekale. Limenelo musawerenge muli pa ulendo."

"Lachitatu?"

"Lachitatu sindibwereketsa munthu woti ndamudziwa lero."

Chibwenzi chawo chinakulira m'mphepete mwa masamba. Manesi anali ndi chizolowezi cholemba ndi pensulo pambali pa nkhani, mawu ngati "apa ndinatseka buku n'kupita kukakhala padzuwa." Stephano anayamba kumuyankha pomwepo ndi bolopeni ya buluu. Buku likabwerera, Manesi sankathamangira nkhani, ankathamangira buluuyo. Mabuku khumi anayenda choncho pakati pa Boma ndi Mvera, ndipo "inu" anasanduka "iwe" chapakati pa buku lachinayi.

Patatha chaka, Stephano analandira buku lija limene anamukaniza tsiku loyamba. Linali la chikuto chobiriwira, chojambulidwa chitseko chotsekuka pang'ono ndi dzanja lowonda la zala zisanu ndi chimodzi litagwira mphuthu. Nkhani yake inali ya mudzi wina wa kumayiko ozizira, kumene chaka chilichonse kumabwera chinthu chovala ngati munthu. Chimagogoda mwaulemu, kuloza mmodzi wa m'nyumbamo, n'kufunsa kuti, "Uyu ndi wanu?" Akayankha msanga kuti inde, chimapepesa n'kumapita. Akangozengereza, ngakhale kwa nthawi yomezera malovu, chimamutenga.

Pa tsamba 212, pamene mwamuna wina anazengereza mkazi wake atalozedwa, Manesi anali atalemba kuti, "Amuna onse ndi chonchi." Buku litabwerera anapeza buluu pansi pake: "Osati ine. Chisanamalize kufunsa ndikhala nditayankha kale. Manesi ndi wanga. S."

Mkazi wa nzeru zake zonse anawerenga mawuwo kasanu n'kuwakhulupirira. Sabata yomweyo analandira chikole, chitenje cha buluu cha mbalame zachikasu. Anagwirizana tsiku loti amalume ake a Stephano, a Isake, akakwere mapiri a ku Ntchisi kukaonana ndi amalume ake a Manesi. Tsikulo linali Loweruka. Stephano anabwerekanso buku lobiriwira lija, akuti mapeto ake ankafuna kuwamvanso.

* * *

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi, Manesi anaitanidwa ku Mvera kuti akaonekere. Linali Lamulungu masana, ndipo kunyumba kwa mayi ake a Stephano kunali mapemphero a m'mudzi. Mayiwo, a Nambewe, anali amasiye, mphunzitsi wopuma, komanso wapampando wa amayi a mpingo wawo. Anamulandira Manesi ndi manja awiri, maso akuyeza chitenje cha mbalame chija kuyambira m'chiuno mpaka kuzidendene.

Pakhonde panali anthu ngati makumi awiri. Pakati pawo panali Sharon, mwana wa mkulu wa mpingo, woimba kwaya wa mawu okoma, amene anthu onse a pa Mvera, kuphatikizapo mwini wakeyo, anali atamukwatitsa kale kwa Stephano mumtima. Anamupatsa moni Manesi mogwada, akumwetulira ngati wapeza m'bale wake wotayika.

Tsono Stephano anali ndi kachikwama kakuda ka zipi, kamene amuna a mpingo amanyamuliramo mabuku a kutchalitchi. Poopa kuti mayi ake angaone dzanja la zala zisanu ndi chimodzi lija, anali atatulutsamo zoyenera kukhalamo n'kuikamo buku la Manesi. Ankayenda nako paliponse, ndipo anthu ankamutama kuti mnyamata ameneyu salekana ndi Mawu.

Itakwana nthawi yowerenga, a Isake anapapasa m'matumba a jekete n'kuzindikira kuti buku lawo analisiya kunyumba.

"Musavutike amalume," anatero Sharon, atadzuka kale. "A Stephano ali nalo pompano."

Anatenga kachikwama kaja pa kakhoma ka khonde, n'kukapereka atagwada bwinobwino. Zipi inalira. A Isake chingerezi sankachidziwa kwenikweni, koma chikutocho sichinkafuna womasulira. Analitukula m'mwamba ndi zala ziwiri, ndipo mayi wina anakuwa dzina la Ambuye n'kukoka mdzukulu wake. Mkati mwa chikuto munali Chichewa, ndipo a Isake anachiwerenga mokweza, liwu ndi liwu: "Mwini wake ndi Manesi. Mukabweza mundiuze ngati munagona."

"Zausatana," wina ananong'ona, ndipo liwulo linazungulira khonde lonse.

A Nambewe sanakuwe. Anatembenukira mwana wawo ndi mawu a m'kalasi. "Stephano, buku ili lalowa bwanji mmenemu? Ukulidziwa?"

Manesi anali pamphasa, mapazi atatu kuchokera pamene Stephano anakhala. Analibe mantha. Ankayembekezera kuti mwamunayo aseka, anena kuti ndi nthano chabe, kuti analipempha yekha. M'malo mwake anaona kholingo lake likukwera n'kutsika.

"Sindikulidziwa, amayi. Sindinaliwerengepo. Mwina anangoliikamo kuti ndimusungire."

"Anangoliikamo ndani?"

"Manesi."

A Isake anatsokomola n'kunena kuti ulendo wa ku Ntchisi uyambe waima kaye mpaka zinthu zimveke. A Nambewe anatenga bukulo ndi nsonga ya chitenje n'kulowa nalo m'nyumba. Manesi anagwada, anatsanzika mwaulemu monga anamulerera mayi ake, n'kutuluka. Kuno mlendo amaperekezedwa ngakhale mwakangana naye, koma tsiku limenelo palibe anadzuka. Anayenda yekha mpaka kumsewu, ndipo analira atakwera kale galimoto.

* * *

Lolemba foni sinapume. "Bebi yankha." "Ndinasokonezeka." "Ukudziwa amayi ali ndi BP." "Usandiweruze usanandimve." Manesi anawerenga mauthenga onse osayankha ndi umodzi womwe. Chamasana unabwera wina wa nambala yachilendo.

"Mlongo mwa Ambuye, ndine Sharon. Tikusala kudya chifukwa cha inu. Palibe unyolo wosaduka."

Umenewu wokha Manesi anauyankha. "Munadziwa liti kuti bukulo lili m'kachikwama muja?"

Yankho silinachedwe. "Masabata awiri apitawo, ku kwaya. Ndimangodikira nthawi ya Ambuye."

Pofika Lachiwiri nkhani inali itafika pa Boma, ndipo inanenepa panjira. Buku linali litasanduka la chikopa cha munthu. Ena ankati mtsikanayo kwawo ku Ntchisi sapita pa minibasi, amapita pa lichero. Mayi woyandikana naye, amene Manesi ankamusungira makiyi, anayamba kuanula zovala za ana ake akangomuona akubwera.

Stephano anabwera Lachiwiri lomwelo pa nthawi ya nkhomaliro, pa njinga yamoto ya kuntchito. Anaima pansi pa mitengo ya bulugamu kumapeto kwa msika, kutali ndi maso a anthu. Malowo anasankha ndi iyeyo, ndipo Manesi anaziona zimenezo.

"Manesi, tandimvera. Anthu makumi awiri akundiyang'ana, amalume, amayi. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndinalipo. Anthu makumi awiri omwewo ankandiyang'ananso ine."

"Dzina langa lili pa masankho a udikoni mwezi wamawa. Ukudziwa mmene amayi aliyembekezera. Chimwalirire abambo, palibenso china chimene..."

"Ndiye a dikoni sawerenga."

"Usandilankhule choncho."

"Ndikulankhuleni bwanji, a Stephano?"

"Inu" ameneyo anamupweteka kuposa khofi, ndipo Manesi anakondwera kuti wamupweteka. Mnyamatayo anapukuta nkhope ndi chipewa. Anati apirire masiku ochepa okha, fumbi likatsika iye akhala pansi ndi mayi ake pa awiri n'kuwauza zoona zake.

"Pa awiri," anabwereza Manesi. "Kundikana munandikanira pakhonde, kundivomera mukandivomerera kuchipinda."

"Ndimakukonda. Ukudziwa kuti ndimakukonda."

"Ndikudziwa kuti munalemba."

Manesi ankamuyang'ana ndipo, zomvetsa chisoni, ankamukondabe. Ankakonda makutu ake aakuluwo, ankakonda mmene ankasekera akafika pa tsamba loopsa. Akanangoti tiye ku Mvera pompano ndikanene, Manesi akanakwera njingayo osafunsa chipewa. Koma Stephano anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Mabuku ena aja, amene ndinalembamo... uli nawo onse?"

Apo m'pamene Manesi anadziwa chimene mafuta a njinga anathera: mwamunayo ankaopa kuti buluu uja amuulula. Anatembenuka n'kubwerera ku ofesi osadya.

Lachitatu mayi ake a Manesi anaimba foni kuchokera kumudzi, mawu ali odzaza chimwemwe. Chimera cha thobwa chinali chitasinjidwa, amalume anali atagula mbuzi, bwalo linali litaseseredwa mpaka kunjira. Manesi anatsegula pakamwa kuti anene, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Zonse zili bwino, amayi."

* * *

Lachinayi cha m'ma folo koloko, wina anagogoda mwaulemu. Pakhomo panali a Nambewe, ambulera m'dzanja lina, jumbo m'dzanja lina. Manesi anawapatsa mpando umodzi wokha umene anali nawo, iye n'kukhala pansi. Maso a mayiwo anali ofiira ngati a munthu wochokera pamaliro.

Atapatsana moni, anatulutsa buku lobiriwira lija m'jumbo. Ulendo uno analigwira ndi manja, osati ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinalitenga kuti ndiliotche," anatero. "Ndinati ndione kaye tsamba limodzi, ndidziwe chimene ndikuotcha. Chingerezi ndaphunzitsa zaka makumi atatu, mwananga, ine si wa m'gulu loopa zithunzi. Lolemba ndiwo zinandipserera pamoto. Lachiwiri sindinapite kumunda."

Manesi sanadziwe poika maso.

"Ndi buku labwino. Satana mulibe mmenemu. Muli amuna amantha ndi akazi odikira, zinthu zoti ndaziona ndi maso anga pa Mvera pomwepo. Paja chinthu chija chikugogoda kwa mphunzitsi wa m'bukumu, ndinadzuka kukatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo."

Mtima wa Manesi unadumpha ngati wa mwana. Anayamba kulankhula mofulumira, kuti ndi zimenezo amayi, kuti wolembayo sakuopseza ndi chinthucho koma ndi anthu a m'nyumba, kuti akawerenga kachiwiri aona zambiri. A Nambewe anamusiya alankhule, kenaka ananyowetsa chala n'kutsegula pa tsamba 212.

"Dzanja ili ndinaligwira ndine pamene linkaphunzira kulemba. S wopendekeka uyu ndingamudziwe ngakhale nditavula magalasi."

"Ndiye mukudziwa kuti ananama."

"Ndadziwa kuyambira Lachiwiri."

"Mukawauza anthu?"

"Ayi."

Analinena mophweka ngati akukana shuga wachiwiri mu tiyi. Anatseka buku n'kuliika pamwendo.

"Inu dzina likaipa, mudzasamuka. Ntchito ya ofesi ili paliponse. Iye ndi wa pa Mvera, anabadwira pomwepo, adzaikidwa pomwepo. Ndili ndi mwana mmodzi, mwananga. Sindingaimirire pamaso pa amayi amene ndimawatsogolera n'kunena kuti mwana wanga ananyamula ichi m'chikwama cha Mawu, n'kundinamizanso pamaso pa amalume ake."

"Nanga mwabwereranji, amayi?"

"Ndabwera ndi njira. Mawa Lachisanu thu koloko amayi akumana kwathu. Mubwere ndi mabuku onse. Mugwade, munene kuti munasochera, ndiponso kuti ili munaliika nokha m'chikwama iye osadziwa. Tiotcha, tipemphera, nkhani itha. Loweruka a Isake akwera ku Ntchisi monga tinapangana, ndipo mayi anu sadzamva kanthu. Ine ndakukondani, musaganize kuti sindinakukondeni. Mpongozi wowerenga ndamufuna zaka zambiri."

"Ndigwade chifukwa cha bodza la mwana wanu."

"Ine ndinagwadirapo zazikulu kuposa izi, ndipo ukwati wanga unatha ndi imfa, osati ndi anthu."

Anaimirira, anasiya buku lobiriwira pampando, n'kutenga ambulera yawo. Atafika pakhomo anazengereza, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inachita manyazi.

"Kumapeto kwa bukuli munalembako mndandanda wa ena amene mumawakonda. Lija la mayi wa mbale ziwiri... limenelo musaliike pa ootcha. Mundisungire, ndidzatenga zinthu zikazizira."

"Nalonso a Stephano analembamo, amayi."

"Ndiye mubwere nalo, lipse ndi anzake," anatero a Nambewe, n'kutsegula ambulera ngakhale kunalibe mvula.

* * *

Manesi anapita. Wina anganene kuti anali wopusa, koma wotero sanamvepo mawu a mayi ake akusimba za thobwa. Anamanga katoni ndi chingwe, anavala diresi, pamwamba pake chitenje cha mbalame zachikasu, n'kukwera galimoto ya ku Mvera. Njira yonse ankabwereza mawu amene anauzidwa. Ndinasochera. Ndinaliika ndekha. Anali mawu ochepa, ndipo ankadziuza kuti akazi ambiri analowa m'banja ndi mabodza aatali kuposa amenewa.

Kuseri kwa nyumba ya a Nambewe anali ataunjika nkhuni, botolo la palafini lili pambali. Amayi a mabulauzi oyera anakhala mozungulira, ochuluka kuposa a Lamulungu, pakuti moto wa mabuku a mfiti si chinthu choti munthu n'kumva ndi anzake. A Isake anali pampando pansi pa mtengo wa mango. Sharon anayambitsa nyimbo Manesi atangotulukira, ndipo anaiimba bwino kwambiri. Machesi anali m'manja mwa Stephano, chifukwa mayi ake anati woyatsa akhale iye, anthu aone kuti alibe nawo mbali.

Manesi anatula katoni n'kugwada. Nyimbo inatha. Anakweza maso kuti ayambe, ndipo anaona Stephano akuyang'anitsitsa katoniyo, osati iye. Nkhope yake inali ya munthu amene watsala pang'ono kupuma. M'katonimo munali chaka chathunthu cha buluu, nthabwala zake, malonjezo ake, ndipo mwini wake ankangofuna zipse msanga.

Mawu oloweza aja anamuthawa.

"Amalume, amayi nonse, mabuku ndi awa," anatero. "Sinditsegula ndi limodzi lomwe. Zimene zalembedwa m'mphepete mwake tikuzidziwa atatu, ine, a Stephano ndi amayi awo."

Mitu ya amayi inatembenukira kwa a Nambewe nthawi imodzi.

"Ndingofunsa funso limodzi, pamaso pa anthu omwe aja. Likayankhidwa, ndiyatsa ndekha motowu ndipo sindidzawerenganso buku moyo wanga wonse." Anatembenukira mwamunayo, n'kubwerera ku mawu awo a kale. "Stephano, ine ndine wako?"

Stephano anatsegula pakamwa. Anayang'ana mayi ake. Anayang'ana a Isake. Kholingo lija linakwera n'kutsika.

"Manesi, nkhani sikuti..."

"Basi," anatero Manesi.

Anaimirira, anamasula chitenje cha mbalame, n'kuchipinda bwinobwino kanayi monga anachilandirira. Anachiika pamwamba pa nkhuni zija.

"Chikole chanu icho. Palafini musamutaye, otchani chimenecho."

Anasenza katoni yake pamutu. Amayi amene anali kunjira anadzipatula okha kuti adutse, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha china chimene sakanachitchula pamaso pa wapampando wawo. Kumbuyo anamva a Isake akufunsa ndi mawu okwera kuti, "Alongo, m'mphepete mwa mabukumo mwalembedwa chiyani?" Sanadikire yankho.

* * *

Kumsewu kunali mphepo ya m'mapiri, ndipo popanda chitenje miyendo inkazizidwa. Manesi anatula katoni n'kuikhalira. Sanalire. Mkwiyo unali utadzaza malo onse, misozi inalibe podutsa. Foni inalira, ndipo ataona dzina la mayi ake anafuna kuidula, koma chala chinakana.

"Manesi, mwana wanga! Azakhali ako afika kale kuchokera ku Msakambewa, ndi ana omwe. Mbuzi ija amalume ako angoipha kumene, akuti mawa tisadzataye nthawi alendo ali pakhomo. Thobwa ndiye usanene! Tandiuza, alendowo akhala angati, tidziwe mipando yobwereka?"

Minibasi inaima ndi fumbi lake. Kondakitala, bambo wa imvi za m'ndevu, ananyamula katoni n'kudandaula kuti asisi mwanyamula njerwa kodi. Manesi anakwera foni ili kukhutu, n'kukhala pafupi ndi zenera.

Ndi pamene anamva dzina lake. Kunjira yochokera kumudzi kunkabwera Stephano akuthamanga, nsapato zopolishidwa zija zitachita mbuu, dzanja lina likukupiza m'mwamba, lina litagwira chitenje cha buluu. Ankakuwa mawu ena amene mphepo inkawadula, ndipo anthu a pa siteji anatembenuka kuti aone.

Kondakitala anaima phazi limodzi pansi, dzanja pa chitseko.

"Asisi, akuthamangawo ndi anu? Tiwadikire?"

Manesi sanameze malovu.

"Sindikuwadziwa. Tiyeni."

Chitseko chinatsekedwa, galimoto inanyamuka. Sanayang'ane kumbuyo. M'khutu mwake mawu a mayi ake anali akadalipo, oleza, osadziwa kanthu.

"Manesi? Ukundimva? Ndafunsa kuti alendo akhala angati."